Wapansi ndi Wapamwamba

Ntchito yathu ndi yosamutsa anthu. Munthu akatopa ndi landilodi wake, kapena landilodi akatopa naye, amatiimbira ife, ine ndi achimwene anga, ndipo timabwera ndi kalole kathu kudzanyamula mabedi, mipando, makabati ndi zinyalala zonse zimene anthu amasunga osadziwa chifukwa chake. Ambiri amayesa kuti ndi ntchito ya mphamvu basi. Bodza limenelo. Katundu wolemera akamakwera masitepe pamakhala anthu awiri, wapansi ndi wapamwamba, ndipo aliyense ali ndi zake. Wapamwamba amakwera chafutambuyo atawerama, kukoka lamba ndi kuwongolera pokhota. Wapansi ndiye amasenza. Kulemera konse kumatsetserekera kwa iye, ndipo chinthucho chikapulumuka, ndi iye amene chimamupeza. Chiyambireni ntchitoyi, achimwene ndi wapansi, ine wapamwamba. Sitinakhalirepo pansi kukambirana. Iwo ndi aakulu, thupi lawo ndi la anthu awiri, ndipo tsiku loyamba lomwe anangoti, "Kwera iwe," nkhani n'kuthera pomwepo.

Chimene chinayamba kundiuza kuti zinthu sizili bwino ndi jombo. Tsiku lina tikudikira kasitomala ndinaona kuti jombo yawo yakumanzere yapendekera mkati, chidendene chake chadyeka mbali imodzi.

"Achimwene, jombo yanuyi yaledzeratu," ndinatero.

"Za masiku ano izi. Amapangira makatoni."

Anagula zina. Posakhalitsa yakumanzere inaledzeranso, yakumanja ili chilili ngati yangochoka kumene m'sitolo. Apo sindinasekenso.

Kenako tinakatsitsa katundu kunyumba ina kumene mayi wake, munthu waukhondo wochita kunyanya, anatiuza kuti tivule nsapato pakhomo. Achimwene anang'ung'udza koma anavula, ndi masokosi omwe poti anali atanyowa ndi mvula. Ndikubwera pambuyo pawo ndi katoni ya mbale, ndinaona mapazi amene ankasiya pasimenti. Lakumanja linali phazi la munthu: chidendene, zala, ndi kampata kaja ka mkati kamene sikagunda pansi. Lakumanzere linali chigamba chimodzi kuchokera kuchidendene mpaka kuzala, ngati wina waika njerwa yonyowa n'kuichotsa. Inetu mapazi amenewo ndinakula nawo. Tinkasamba limodzi, tinkamenya mpira opanda nsapato, ndipo sanali choncho. Phazi la munthu wamkulu, wa ana akusekondale, lingasinthe bwanji?

Kuyambira pamenepo maso anga anali paphazi lija basi. Ndinaona kuti akamatsika m'lole amaima kaye atagwira chitseko, ngati pali chimene akukumbukira. Ndinaona timapepala ta mapiritsi opha ululu titadzaza m'kabokosi ka kutsogolo, tonse topanda kanthu. Ndinaona kuti pansi pa kakolo, cha mkati, patupa. Ndinazindikiranso chifukwa chimene anandisiyira chiwongolero. Iwo ankati akufuna ndizolowere kuyendetsa, koma zoona zake ankathawa kuponda kilatchi ndi phazi lomwelo. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Ndinangobinya pang'ono." Kubinya kwake kotani kosapola chaka chathunthu? Achimwene anga ndi munthu wabwino, koma makani awo akanakhala ogulitsa, bwenzi pano tili ndi malole odzaza bwalo.

Amene anathyola makaniwo ndi alamu, akazi awo. M'mawa wina ndinafika kuti tinyamuke, n'kupeza achimwene akusanthula nyumba yonse, makushoni ali mbwee pansi. Alamu anali khale pakhonde, akupesa mwana.

"Makiyi a lole ndabisa ndine," anandiuza, osatsitsa n'komwe mawu. "Akulu anuwa akadzuka m'mawa amayenda chogwira khoma mpaka kubafa, ngati mwana wophunzira kuyenda. Amayesa sindiona. Lero makiyiwo akawapezera kuchipatala."

Tinapita atatu. Dokotala wake anali mayi wosachulutsa zonena. Anawavulitsa nsapato, anawaimika moyang'ana khoma, iye n'kukaima kumbuyo kwawo. Kenako anandikodola.

"Ndinu m'bale wawo? Tabwerani muone. Kuphazi lakumanja mukuona zala zingati?"

"Kachala kakang'ono, ndi kambali ka chinzake."

"Nanga uku?"

Kumanzere zinkaoneka pafupifupi zonse. Phazi linali litalozera kunja ngati lili ndi ulendo wakewake, chidendene chitagwera pambali.

"Tsopano, bambo, gwirani khoma. Kwezani mwendo wakumanja, muime ndi wakumanzere wokha. Ndiye mudzikweze, muime ndi zala."

Chinthu chimene mwana amachita akafuna kufikira shuga pashelefu. Achimwene, munthu amene ndinamuonapo atabereka sitovu yekha, anakanika. Nkhope inachita makwinya, thukuta linatuluka pamphumi, chidendene osachoka pansi ngakhale pang'ono. Anayesanso. Ine ndinayang'ana kumbali, chisoni chinandigwira koopsa.

Dokotala anafotokoza kuti pali mtsempha wolimba ngati chingwe umene umatsika kuchokera kukatumba wa mwendo, n'kudutsa kuseri kwa kakolo cha mkati, n'kukagwira pansi pa phazi. Ndi umenewo umene umakoka phazi kuti likhale ndi kampata kaja. Wa achimwene unali utatupa ndi kutanuka chifukwa cholemedwa zaka zambiri, ndiye phazi linangophwatalala.

"Sunaduke," anatero. "Panopa tikhoza kuupulumutsa. Muzivala chinsapato cholimba ichi, muupumitse miyezi ingapo osanyamula cholemera chilichonse, kenako tidzakupatsani zoika mu nsapato ndi mafizo olimbitsa phazi. Koma mukapitiriza, udzaduka. Ukaduka ndiye nkhani ya opaleshoni, ndipo sindingakulonjezeni kuti mudzayendanso ngati kale. Ena amatsala ndi phazi louma, amayendera ndodo."

"Zikomo adokotala, tamva," anatero achimwene, mwaulemu wonse.

Alamu anandiyang'ana. Tonse awiri "tamva" ameneyo tinkamudziwa.

Chinsapato chija chinali chapulasitiki, chofika m'munsi mwa bondo, chomanga ndi malamba. Anachivala masiku owerengeka atakhala pakhonde, akukalipira ana ndi nkhuku zomwe. Ine ndinapeza bambo wina waganyu woti azindithandiza. Tsoka ilo, bamboyo anaswa galasi la kabati ya kasitomala. Achimwene atangomva, m'mawa mwake ndinawapeza ali kale m'lole.

"Ndikungokuperekeza," anatero alamu akumva. "Ndizikangoloza ndi chala."

Titangokhota pakona, anamasula chinsapato chija, anachiponya kuseri kwa mpando, n'kutulutsa jombo m'jumbo.

"Achimwene, munamva zimene ananena adokotala."

"Anthu akamva kuti ndakhala pansi, foni isiya kulira. Ikasiya kulira, ana anga udyetsa ndiwe?"

"Nanga mtsempha ukaduka adyetsa ndani?"

"Yang'ana msewu."

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. M'mawa ankatuluka m'nyumba atavala chinsapato, pakona n'kuvula, madzulo pakona pomwepo n'kuvalanso. Alamu ankandifunsa kuti, "Sakunyamulatu, eti alamu?" ine n'kumayankha zosamveka ndikuyang'ana matayala. Chakudya chinasiya kulowa. Ndikakhala pamwamba ndi sofa, ndinkasuzumira kumbali kuti ndione nkhope yawo, khutu lili tcheru, kudikira tsiku loti ndidzamve chinthu chikuduka. Sitepe iliyonse imene ankakwera, mtima wanga unkakwera nayo.

Ndiye kunabwera ntchito ya mayi wophika makeke. Ankasamukira m'nyumba yosanjikizana, chipinda chake pamwamba penipeni, chikepe palibe, masitepe opapatiza, okhotakhota. Katundu wake sanali wambiri, koma anali ndi firiji. Anthuni, firiji yake. Ya zitseko ziwiri, yaitali kuposa ine, yoti banja laling'ono likhoza kugonamo. Nditangoiona pamene tinkaikweza m'lole, ndinayang'ana phazi la achimwene.

Tinayamba ndi zing'onozing'ono. Pofika masana achimwene anali akutsimphina moonekeratu, ndipo kawiri konse ndinawapeza atatsamira khoma la pokhota, maso ali chitsinzinire. Akandiona ankayamba kukonza lamba wa buluku ngati ndi chimene anaimira. Pamenepo ndi pamene ndinamanga mfundo mumtima: firiji iyi sasenza ndi iwo. Ndinkaganiza kuti ndaganiza zanzeru. Pamwamba ndakhalapo zaka zonsezi, ndimadziwa kuti ndi popepuka. Ndiwaike pamwamba, kulemera kubwere kwa ine.

Tinaikulunga firiji m'bulangete, tinaimanga lamba, tinaikokera pansi pa masitepe. Tisanaipendeke, ndinazungulira n'kukaima mbali yapansi.

"Choka apo," anatero achimwene.

"Lero pansi ndi panga."

"Wayamba misala? Choka."

"Sindichoka. Mukwere inu pamwamba. Apo ayi firijiyi igona panja pano, ine ndiimbira alamu pompano ndiwauze kumene chinsapato chija chimaswera."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo choncho. Mayi wa makeke uja anali chiimire pambali ndi makiyi m'manja, akuyang'ana uyu, akuyang'ana uyu. Achimwene anatsegula pakamwa ngati anena kanthu. Anayang'ana masitepe, anayang'ana mayi uja, n'kutseka pakamwa.

"Chabwino," anatero. "Wakula."

Anakwera masitepe awiri atatu, anakulunga lamba padzanja, tinaipendeka. Itangokhazikika pachifuwa panga ndinadziwa chimene achimwene akhala akusenza zaka zonsezi. Msana unalira, mpweya unathawa. Koma mumtima ndinkati bola, bola chili pa ine.

Tinayamba kukwera. Tsaya langa linali lopanikizika pabulangete, ndipo cha kumbali kwa firiji, mbali ya zitsulo zogwirira, ndinkaona jombo zawo zokha. Ndinaona yakumanja ikufufuza sitepe kumbuyo, n'kuipeza. Inaponda ndi kutsogolo kokha, chidendene chili m'malere, kenako thupi lonse linadzikweza pazala zimenezo, yakumanzere n'kukokeka kutsatira. Sitepe ina, chimodzimodzi, yakumanja patsogolo. Ndinayang'ana pansi, pa mapazi anga. Anali ataponda sitepe yonse, chidendene ndi zala zomwe, phwata.

Apo m'pamene ndinazindikira. Munthu wokwera chafutambuyo amakwera ndi zala. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchita zimenezo tsiku lililonse osadziwa, poti mapazi abwino sakuuza ntchito imene akugwira. Wapansi amalemedwa, inde, koma amaponda phazi lonse n'kukankha ndi ntchafu. N'chifukwa chake achimwene anatha kupirira nthawi yonseyi. Ine ndi nzeru zanga ndinawachotsa pamene ankathako, n'kuwaika pa chinthu chenicheni chimene anakanika kuchipatala atagwira khoma, pano atamangirira firiji kudzanja.

"Achimwene," ndinatero, mawu akutuluka movutikira. "Tiime. Tisinthane."

"Pano? Udutsira pati? Kankha."

Ankanena zoona. Pakati pa masitepe firiji siikidwa pansi, ndipo mpata woti munthu adutse panalibe. Tinafika pokhota poyamba, pamene pali kabwalo kopumira.

"Tsitsani apa, tisinthane."

"Ikakhala pansi sitiidzutsanso. Mwendo wakumanja ukugwira. Tiye."

Ndikanaumirira. Ndikanangoitsitsa mbali yanga, akanachita bwanji? Koma mayi uja anali pambuyo panga akuti, "Samalani pakonapo, abambo, ingakandike," ndipo achimwene anali atayamba kale kukoka. Ndinakankha.

Pokhota pachiwiri panali pothina kuposa poyamba. Kuti firiji izungulire, wapamwamba amayenera kukwera masitepe angapo, n'kupotoloka thupi lonse ataimika katunduyo pafupifupi chilili. Ndimapadziwa pamenepo. Sungasankhe phazi. Limene lili pafupi ndi khoma ndi limene limanyamula. Ndinaona jombo yakumanja ikufuna malo, osawapeza. Inabwerera. Kenako yakumanzere, yopendekera ija, inanyamuka pang'onopang'ono, inafufuza kumbuyo, n'kuponda ndi zala m'mphepete mwa sitepe.

"Achimwene, ayi."

Sindinamve kuduka kulikonse. Nthawi yonse ija ndinkadikira phokoso, koma chimene ndinamva ndi achimwene akuti "Mayo," motsitsa, mano ali chilumire. Kenako firiji yonse inabwera pa ine.

Inandimenya pachibwano, phazi langa lakumbuyo linaterereka pasitepe, bondo linagunda simenti. Ndinagwada chopendekera chagada, manja atapanikizika, ndipo kumbuyo kwanga kunali kabwalo kakang'ono kaja, kenako masitepe otsika mpaka pansi. Mayi uja anakuwa. Ndinadziwa kuti basi, chandipeza.

Koma firiji inaima. Inanjenjemera pachifuwa panga, osatsikanso. Cha kumbali ndinaona jombo ziwiri zija zitaponda m'mphepete mwa sitepe, zonse ziwiri, yakumanzere itapindikira mkati moti kakolo anatsala pang'ono kugunda simenti. Lamba anali atakungika kuti nga. Munthu wina aliyense akanamasula dzanja n'kukhala pansi kugwira phazi lake. Iwo anakhalira kumbuyo, akukoka ndi thupi lonse pa phazi lomwelo.

"Dzuka," anatero. "Dzuka msanga, mphwanga. Sindikhalitsa."

Sindidziwa mmene ndinadzukira. Ndinapeza phazi, ndinapeza linzake, ndinalowetsa phewa pansi pake. Tinaitsitsa pang'onopang'ono, ine ndikubwerera, iwo akumasula lamba pang'ono pang'ono, mpaka inakhala pakabwalo kaja n'kutsamira khoma. Pamenepo achimwene anadzigwetsa pasitepe. Lamba anali atawadula padzanja, magazi akuchucha, koma sankayang'ana dzanjalo.

Ndinadzipanikiza pakati pa firiji ndi zitsulo n'kukwera kukagwada patsogolo pawo. Ndinamasula zingwe za jombo yakumanzere. Nditaivula, ndinapeza kakolo akutupa ndikuona, phazi litagonera kunja ngati si lawo.

"Taligwedezani," ndinatero. "Lilozeni mkati."

Analiyang'ana nthawi yaitali. Zala zinagwedezeka pang'ono, phazi osatembenuka.

"Munkadziwa," ndinatero. "Pansi paja, pamene munatsegula pakamwa. Munkadziwa kuti pamwamba pamafuna zala."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Ndinene chiyani? Pamaso pa mayi wa eni, ndinene kuti ine sindingathe kuima ndi zala?"

Ndinapsa mtima, ndinafuna kuwakalipira, ndinafuna kudzimenya ndekha, koma misozi ndi imene inabwera. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kulira pamasitepe a eni. Mayi uja anabwera ndi madzi m'kapu ndi kansalu komangira dzanja. Ankangoti, "Pepani, pepani abambo, firijiyo isiyeni, ikhale pomwepo, ndiona chochita." Achimwene anamupepesa chifukwa chosamaliza ntchito, ndipo anamuuza kuti asaiyatse mpaka itakhala chilili kwa kanthawi. Kenako anagwira chitsulo kuti aimirire. Phazi litangokhudza pansi, nkhope inasintha, anakhalanso.

Anayesa kachiwiri, ndi mwendo umodzi. Koma kudumpha ndi mwendo umodzi kutsika masitepe opapatiza, munthu wa thupi ngati lawo, kunali kufuna kuthyola ndi khosi lomwe. Ndinawathandiza kudzikhwekhwereza chokhala mpaka kudutsa firiji. Pakabwalo paja ndinawafulatira n'kunjuta.

"Kwerani."

"Iwe, anthu ationa."

"Ationa kale. Kwerani."

Kenako ndinamva manja awo akuzungulira khosi langa, chifuwa chawo chonyowa ndi thukuta chikutsamira pamsana panga. Ndinawagwira m'ntchafu n'kudzuka. Zitseko za anthu zinali zitatseguka, ana akusuzumira, koma palibe amene anaseka. Mayi uja anatsogola atanyamula jombo imodzi ija m'manja.

Ndinatsika mosamala, phazi lawo likulendewera pambali pa bondo langa, ndikuliteteza kuti lisagunde zitsulo. Mutu unali kale kuchipatala: dokotala uja atiyang'ana bwanji, alamu ndikawauza chiyani, ndiyambira pati. Tili pakati pa masitepe omaliza, achimwene anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu langa. Chibadwire changa anali asanandifunsepo maganizo pa chinthu chilichonse, ngakhale njira yoti tidzere. Mawu awo anali aang'ono, oti mayi uja asamve.

"Mphwanga, ndidzayendanso, eti?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Pakamwa panakana.

"Gwirani zolimba, achimwene," ndinatero, n'kupitiriza kutsika.